Helemeti ya a Mwalughali

Ku Mlare kuno sitinkafunsa kalendala kuti tidziwe ngati mpikisano wa masamu wayandikira. Tinkangoyang'ana mutu wa malemu aphunzitsi a Zebedee Mwalughali. Mukawaona avala helemeti, ija ya okwera njinga zamoto, yofiira, yong'aluka pachipumi, ndiye kuti basi, ana a sekondale ayambe kugona ndi mabuku. Njinga yamotoyo analibe, ndipo sanaikwerepo chibadwire, ati oyendetsa ake amangodziwa kuphatikiza liwiro, kuchotsera sanaphunzire. Iwo ankapalasa kanjinga kawo kakale, helemeti ili pamutu, mu Okutobala, dzuwa la ku Karonga lija loti ngakhale buluzi amafuna mthunzi. Thukuta linkachita kuyenderera m'khosi koma kuvula ayi. Kumsika nayo, kumaliro nayo, kutchalitchi ankaivulira pakhomo penipeni, atayamba ayang'ana kudenga ngati kulibe choti chingagwe.

Musaseke msanga, munthuyu anali ndi chifukwa. M'mutu mmenemo ndi momwe munkakhala mafunso onse a mpikisano wa sekondale zoyendera za kuno, kuyambira ku Mwenilondo mpaka ku Chilumba. Papepala sankalemba ngakhale kadontho. Chaka choyamba chokha ndiye anapusa, anakapereka mafunso kwa wotayipa wina kuboma. Mpikisano uli pafupi, akazi awo, NyaSichali, anagula usipa pamsika, kufika kunyumba n'kupeza kuti usipawo wakulungidwa m'funso lachitatu. Chaka chimenecho ana onse anakhoza, mpaka ena oti ukawafunsa theka kuphatikiza theka ankayamba kaye ayang'ana mnzawo. A Mwalughali analumbira pamaso pa aphunzitsi anzawo kuti pepala ndi kazitape, ndipo kuyambira pamenepo mafunso azikhala pamalo pomwe wogulitsa usipa sangafikepo.

Helemeti inabwera pambuyo pake. Chaka china akudutsa pansi pa mtengo wa mango ku Mwenilondo, bango lalikulu linawagwera paliwombo. Anadzuka, kudzisansa, kuwerenga mafunso awo chamumtima, n'kupeza lomaliza mulibe. Amene analipo amati anauzungulira mtengowo akuvundukula masamba ndi phazi, ngati kuti funsolo lagwera pansi. Silinapezeke. M'mawa mwake anakagula helemeti kwa wakabaza wina amene njinga yake inali itafa.

Amene ankasenza mavuto a zonsezi anali Madamu Hilda Kaonga. Hilda anali mwana wasukulu wa a Mwalughali. Anapambana mpikisanowu ali Fomu 3, atabwera ndi nsapato zobwereka, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe bambo ake anasiya kukamba zomupezera mwamuna. Atamaliza ku koleji anabwerera kudzaphunzitsa pasukulu yomweyo, n'kukhala miyendo ya mpikisanowo. Kuitana masukulu anali iye, kubwereka mabenchi kutchalitchi anali iye, kupaka mabolodi makala, kusaka amayi ophikira ana mpunga, kunyengerera oyendetsa maminibasi kuti asasiye ana panjira, zonse iye. Chimodzi chokha ndi chomwe sankachigwira, ndipo ndi chomwe chinkamudya mumtima. Mpikisano wonse unali m'mutu umodzi, ndipo mutuwo unali wa munthu amene anapuma kale pantchito, imvi zili mbuu. Ana a sukulu zathu zopanda laibulale izi tsiku lawo looneka ngati anthu linali lomwelo. Hilda ankadziwa kuti tsiku limene mutuwo udzakanike, zonse zidzathera pomwepo, pamaso pa anthu.

Anayesa kuwanyengerera. Anawauza kuti angolemba kapepala kamodzi, iye akakwirira m'chitini kuseri kwa khola. Anakana. Anawakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga.

"Denga ayi, mwana wanga," anatero akugogoda helemeti ndi chala, "koma masamu umasenza."

Tsono m'mafunso onsewo munali ng'ombe. Dzina lake Dorofe, ng'ombe yeniyeni ya a Mwalughali, yakuda, ya nyanga imodzi yopindikira pansi. Ana a kwina amaphunzira masamu ndi X ndi Y, athu anaphunzira ndi Dorofe. Dorofe akuyenda kuchoka ku Mlare kulowera ku Chilumba, minibasi ikuchokera uko, akumana pati? Dorofe waima pafupi ndi mtengo wa mgwalangwa, chithunzithunzi chake chatalika chonchi, mtengowo ndi wautali bwanji? A Mwalughali ankalemba pabolodi m'Chingerezi monga mwa lamulo lasukulu, kenako n'kutembenuka kuwerenga mokweza m'Chitumbuka kuti makolo odzaza m'mawindo amve nawo. NyaSichali ankauza amayi anzawo kuchigayo kuti iwo anakwatiwa pamitala osadziwa, mkazi wamkulu ndi Dorofe. Ankadandaulanso kuti mwezi wa mpikisano amuna awo amagona atamanga chibwano ndi chitenje ngati wodwala dzino, kuopa kubwebweta mayankho kutulo.

Funso loyamba silinkasintha chiyambi chake: "Ndamangirira Dorofe pangodya ya munda wa a Kenan." Chosintha chinali kutalika kwa chingwe ndi maonekedwe a mundawo, ndipo ana ankayenera kupeza kukula kwa malo amene Dorofe adye. A Kenan Msukwa anali mnansi wawo, mlimi wa chinangwa, munthu wosachedwa kupsa mtima. Chaka choyamba chomwe dzina lawo linalowa m'funso, mdzukulu wawo anafika kunyumba akunyadira kuti wapeza yankho, Dorofe wadya pafupifupi ndime yonse yakumadzulo. A Kenan anatenga ndodo, kuthamangira kumunda, kupeza chinangwa chili bwinobwino, koma mtima sunatsike. Anafika kusukulu akunena kuti ng'ombe ikadya pabolodi, mawa idya m'munda, chifukwa mwini wake waonetsa kale maganizo ake. Kuyambira pamenepo sanaphonyepo mpikisano. Ankaima pawindo lomwelomwelo, ndipo a Mwalughali akangowerenga kuti "munda wa a Kenan", mawu okalipira aphunzitsiwo ankabwera m'Chitumbuka: "M'munda mwanga yayi, asambizgi!" Holo yonse inkafa ndi kuseka, ndipo ana ankadziwa kuti tsopano atha kuyamba kulemba.

Dorofe weniweniyo anafa kalekale, atameza jumbo kumsika. Ana a Fomu 4 anapita kukapepesa ngati pamaliro a munthu, ena mumtima akuti mwina masamu apepukako. Chaka chotsatira Dorofe anali pabolodi, akukwera sitima padoko la ku Chilumba ndi katundu wolemera mwakutimwakuti. Mphunzitsi wina atafunsa ngati si ng'ombe yomwe ija anthu anadya nyama yake, a Mwalughali anayankha kuti m'masamu ng'ombe siifa. A Kenan ndiye anakwiya kuposa kale. Ati yamoyo ija ankatha kuithamangitsa ndi ndodo, nanga iyi aithamangitsa ndi chiyani?

Ofuna kuba mafunso analipo, ndipo katswiri wawo anali Che Yasini, mwini golosale wochokera ku Mangochi, yemwenso ankapereka mphoto za opambana: ambulera, makakyuleta, nthawi zina nyale ya sola. Chaka chimene mwana wawo Rukaiya analowa mpikisano, Che Yasini anasanduka munthu wokonda alendo modabwitsa. A Mwalughali akangodutsa, mpando unali utatuluka kale pakhonde, tiyi wamkaka wonunkhira bwino, zitumbuwa pambale. A Mwalughali ankakweza galasi la helemeti n'kumamwa. Che Yasini ankayambira kutali, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako n'kukhotera.

"Mwalimu, Dorofe chaka chino akuyenda mozungulira kapena molunjika?"

"Ali bwino, Che Yasini. Akupereka moni."

Anamwa tiyi ameneyo mwezi wonse, masaya mpaka kuyamba kuthina m'helemeti, osataya ngakhale nambala imodzi. Rukaiya anapambanabe ndi mutu wake. Che Yasini mpaka lero amati anapambana ndi tiyi, chifukwa aphunzitsi okhuta amafunsa mafunso achifundo.

Wina amene sankagwirizana ndi za helemetizi anali a Ambokile Mwenitete, mphunzitsi wachinyamata wa ku Chilumba, wa laputopu ndi nsapato zosongoka. Munthu woipa sanali, kungoti ankachita manyazi. Pamsonkhano uliwonse ankanena kuti anzathu m'maboma ena amasindikiza mafunso n'kumata m'maenvelopu, ife tikudalira chipewa. A Mwalughali ankamumvetsera mpaka amalize, kenako n'kufunsa ngati laputopuyo ingakane kuulula ikapatsidwa tiyi wa Che Yasini. Anthu ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Hilda ankaseka nawo, koma pansi pamtima ankadziwa kuti mnyamatayo sakunama.

Zizindikiro Hilda anayamba kuziona yekha, ena asanazione. Tsiku lina a Mwalughali anamuitana ndi dzina la mayi ake. Tsiku lina anawapeza pamsika ataima ndi njinga, akufunsa mwaulemu ngati wina waonako njinga yawo. Kenako anavala helemeti mu Juni, kuli mphepo ya mwera, ana n'kuchita mantha kuti mpikisano wasunthidwa. Anthu anaseka, ati nkhalamba yayamba kukonzekera msanga. NyaSichali sanaseke. Anamukokera Hilda kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti masiku ena abambowa amadzuka osadziwa kuti lero n'lachingati, koma asawauze kuti wamva, angafe ndi manyazi. Hilda anapita kwa a Ambokile mwakachetechete n'kuwapempha kuti akonze mafunso ena, asindikize, abwere nawo m'chikwama, osauza munthu. Pobwerera anadzimva ngati wagulitsa bambo ake.

Tsiku la mpikisano linafika, lotentha ngati masiku onse a Okutobala. Ana anadzaza holo, mayunifolomu amitundumitundu, ena atadzuka m'bandakucha kuti apeze minibasi. Makolo anali m'mawindo, a Kenan pawindo lawo, Che Yasini pampando wakutsogolo pafupi ndi maambulera awo. Mwambo wake unali umodzi chaka chilichonse: a Mwalughali ankayenda mpaka pabolodi, kuvula helemeti, kuipereka kwa Hilda, kutenga choko, n'kuyamba. Anayenda, anavula, anapereka, anatenga choko. Anakweza dzanja n'kuliimitsa pabolodi.

Dzanjalo linakhala pamenepo. Poyamba anthu ankamwetulira, poganiza kuti ndi nthabwala yatsopano. Kenako mabenchi anasiya kulira. A Mwalughali anatsitsa dzanja, kuyang'ana choko, kudzigwira paliwombo, n'kutembenukira kwa Hilda. Nkhope imeneyo Hilda sadzaiwala. Inali ya mwana amene wasochera pamsika ndipo sakufuna kulira pagulu. M'mutu muja munalibe kanthu, ndipo mwini mutu anali atadziwa.

A Ambokile anasendera pafupi, dzanja lili pa zipi ya chikwama, n'kunong'ona kuti mapepala alipo, angogawa. Hilda anayang'ana ana aja, amene anachokera kutali kudzalemba, ndipo sakanabwerera chimanjamanja. Anayang'ananso nkhalamba ija. Akanagawa mapepalawo, boma lonse likanamva pofika madzulo kuti a Mwalughali aima pabolodi ngati chitsa mpaka mwana wa laputopu kuwapulumutsa, ndipo ndi nkhani imeneyo yomwe ikanatsala m'kamwa mwa anthu. Anagwira dzanja la a Ambokile kuti adikire. Kenako analankhula mokweza, ngati akungocheza pakhonde.

"Aphunzitsi, Dorofe mwamumangirira pati chaka chino?"

A Mwalughali anangomuyang'ana. Ndiye a Kenan, amene ife tonse tinkawayesa munthu wongodziwa kukalipa, anaona zimene zikuchitika. Analowetsa mutu pawindo n'kukuwa funso lisanawerengedwe n'komwe.

"M'munda mwanga yayi, asambizgi!"

Holo inaphulika ndi kuseka, kuseka kwa anthu amene anali atabanika. A Mwalughali anaphethira, msana unawongoka, n'kuloza a Kenan ndi choko. Anati m'munda mwawo momwemo, pangodya, ndipo akadandaule kumene akufuna. Anatembenuka n'kulemba mzere woyamba uja. Atafika pachingwe anaimanso, Che Yasini n'kudzuka pampando kunena kuti chingwecho anagulitsa ndi iwo, chinali cha mamita asanu ndi awiri, ndipo chinali chabwino, cha ku Tanzania. A Mwalughali analemba. Hilda anafunsa ngati mundawo ukadali wa ngodya zinayi kapena a Kenan anagawirako ana awo. A Kenan anati anagawa, watsala wa ngodya zitatu, ndipo ndi chifukwa chake ng'ombeyo ichoke. Analembanso.

Zinayenda choncho mpaka bolodi linadzaza. Funso likatha, Hilda ankafunsa kuti Dorofe atachoka pamenepo analowera kuti. Msilikali wina wa ku Chilumba amene anaperekeza mwana wake, yemwenso anazunzikapo ndi Dorofe pa nthawi yake, anati anamuona akupita kudoko. Mayi wina pawindo anatchula mtengo wa mkaka. Anthu ankaponya zidutswa, a Mwalughali n'kumazilumikiza, ndipo kulumikizako ndiye kunali kusanawachokere. Dzanja linayamba kuthamanga, choko chikuthyoka, iwo akukalipira wina kuti nambala yake ndi yaulesi, apereke ina yovutirapo. A Ambokile anatseka chikwama chawo n'kuyamba kusolva mafunsowo pabenchi kuti papezeke mayankho ochongera, thukuta lili kamukamu. Ana sanadziwe kanthu. Anatuluka akudandaula monga mwa chaka chilichonse kuti Dorofe wawapha.

Anthu atabalalika, Hilda anawapeza atakhala pachitsa kuseri kwa holo. Anawapatsa helemeti yawo. Sanailandire.

"Mafunso aja si amene ndinakonza, Hilda."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Anga anali abwino kuposa awa. Sindikudziwa kumene apita." Anadzisisita pamutu pang'onopang'ono. "Ulendo uno palibe bango linandigwera."

Hilda anakhala pansi pambali pawo. Anaganiza zoulula za mapepala a m'chikwama, koma iwo anamutsogolera. Anati chikwama cha mnyamata uja anachiona kuti chatupa, ndipo anachita bwino onse awiri. Kenako anaikankhira helemeti ija pamiyendo pake. Anati achite monga akudziwira, kaya ndi pepala kaya ndi laputopu, iwo sadzamuzukira, koma chimodzi chokha, Dorofe asamusiye ndi njala.

Anamwalira mvula ya chaka chotsatira ili mkati, mpunga utangoyamba kubiriwira m'madambo. Pamaliro panabwera anthu oti sitinkadziwa kuti anadutsa m'manja mwawo: manesi, asilikali, madalaivala, mayi wina wogwira ntchito kubanki ku Mzuzu. M'malo mokamba za matenda awo, anthu pansi pa mitengo ankakangana za minibasi ija ndi Dorofe, kuti kodi anakumana pati kwenikweni. Awiri anatsala pang'ono kugwirana malaya, m'busa n'kuchita kuwaleretsa. NyaSichali anati akanakhala kuti amuna awo akumva, akanadzuka kudzawachongera onse awiri zolakwa.

Mlare sanasinthe kwenikweni. Minibasi zikuimabe pomwe zinkaima, dzuwa likuwotchabe. Koma Okutobala anafika chaka chimenecho anthu osamumva. Che Yasini anatulutsa mpando pakhonde mwachizolowezi, unakhala tsiku lonse wopanda munthu, madzulo anaulowetsa. Ana ankafunsa aphunzitsi awo kuti mpikisano uli liti, chifukwa panalibenso mutu woti auyang'ane pamsewu. Ife akuluakulu tinkapezeka tikutembenuka tikamva belu la njinga, ngakhale tikudziwa.

Mpikisano unachitika. Mafunso anakonza Hilda ndi a Ambokile, mitu iwiri, ndipo a Ambokile ndi amene anaumirira kuti asasindikizidwe, alembedwe pabolodi. Hilda anavala helemeti ija tsiku lokhalo, kuchokera pageti mpaka m'holo. Inali yaikulu, inkamutsekera maso, anthu anaseka, kenako kuseka kunazirala kokha. Anaivula, kuiika patebulo, kutenga choko n'kulemba funso loyamba. Anatembenuka kuwerenga mokweza kuti a m'mawindo amve: "Ndamangirira Dorofe pangodya ya munda wa a Kenan." Anaima pamenepo kudikira, ana nawonso zolembera zili m'mwamba, kudikira mawu aja kuti ayambe.

Mawuwo sanabwere. Hilda anayang'ana kuwindo. A Kenan analipo, pamalo pawo pomwe paja, chipewa atachivula, atachigwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Mlekeni adye, Madamu," anatero chapansipansi. "Chinangwa chilipo chambiri."